Dzina la Pakona ya Khoma

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, ku Balaka kunali mkulu wina wolemba zikwangwani, a Mwachande. Pantchito yawoyi chikwangwani chikatha, wolemba amasaina pakona yam'munsi, ndipo makasitomala amatsata dzina limenelo. Dzanja litayamba kunjenjemera, a Mwachande anauza ana awo atatu kuti, "Amene adzasaine pakona pantchito ikubwerayi, shopu ndi yake."

Posakhalitsa mwini holo ya maukwati anabwera ndi timagalasi ta magetsi makumi anayi, toyala pakhoma, tosintha mitundu tikalamulidwa ndi kompyuta. Ankafuna kuti pofika Loweruka khomalo lizionetsa maluwa ndi mayina a akwati.

Lonjezo, woyamba kubadwa, anakhala pamakwerero masiku awiri, kuyala timagalasito ndi kulumikiza mawaya mpaka zala zinatupa.

Mlongo wake Zione anakhala pakompyuta, kulemba malamulo ouza kagalasi kalikonse nthawi yoyaka ndi mtundu wake. Lonjezo ankangonyogodola: "Ena tikukhetsa thukuta, ena akungogogoda mabatani!"

Atayatsa Lachisanu, kalanga ine! Maluwa anaoneka bwinobwino, koma zilembo zinatuluka chotembenuka, zosawerengeka. Lonjezo analoza kompyuta, Zione analoza mawaya, mawu anakwera.

Mwandida, chitsirizira, amene abale akewo ankamunyoza kuti amangodziwa burashi, anayang'ana kamodzi n'kuwerenga mayina onse osadodoma. Si ndiye ankalemba pamawindo a masitolo ali mkati, chotembenuza, kuti apanja awerenge bwino? Anati, "Achimwene, mwayala ngati munaima kuseri kwa khoma. Achemwali, werengerani timagalasito kuchokera kumanja." Zione anasintha mzere umodzi wokha, mayina aja n'kuwongoka.

Ukwati unakoma. Koma nsanje, abale inu, nsanje! Kagalasi kapakona kamakwana dzina limodzi basi. Zione analembapo lake, akuti kompyuta imamva iye. Lonjezo ataona, anakazula waya wa kagalasiko. Mwandida anatulukira ndi burashi yonyowa kale utoto, awiriwo n'kumugwira mikono. A Mwachande anangokhoma shopu, kiyi n'kuponya m'thumba.

Mpaka lero khoma lonse limawala, pakona pokha pali bii. Anthu amafunsa kuti wapanga ndani, n'kubwerera opanda dzina, ntchito n'kukapatsa ena.

Tsono musandiyang'ane ine, ndatopa nawo anawa. Inu ndiuzeni: pakona paja pasaine ndani, wa mawaya, wa kompyuta, kapena wa burashi?