Mkamwini ali pansi pa galimoto

Panali munthu wina ku Chirimba, a Kandoje, amene anali ndi mkazi mmodzi ndi pikapu imodzi. Pikapuyo inali yakale, yoyera, yopukutidwa m'mawa uliwonse ngati mwana wopita ku ubatizo. Mkaziyo anali Nagama, wa kwa Bawi ku Ntcheu, mayi wosachuluka mawu. M'banjamo anakhalamo zaka makumi awiri ndi zitatu.

A Kandoje anali a pakamwa potentha. Akakangana ndi aneba za malire a mpanda, amene ankanyamula mbale ya mandasi kukapepesa anali Nagama. Akakalipira ana, Nagama ndiye ankawatsatira kuseri kwa nyumba. Apongozi ake a Nagama akabwera kuchokera kumudzi ndi mawu awo obaya, mawuwo ankathera pa Nagama. Anthu ankati a Kandoje ndi bambo wabwino, osadziwa kuti zimene zinkawafika zinali zitafewa kale podutsa mwa mayiyo.

Tsono nkhani imene inagwedeza Chirimba inachitika Lachinayi lina, amayi a Mvano akuweruka, mboni zili mbwee mumsewu. Pikapu inadutsa pang'onopang'ono pamsika. Kutsogolo kunakhala mayi wina wa saluni, wigi wofiira kumutu, chigongono pawindo, akukukuta chimanga chootcha. Kumbuyo, pamatumba a kabichi, kunali Nagama, atagwira mpango kuti usauluke. A Kandoje pambuyo pake anati mayi wa saluniyo anali ndi chimfine, sakanatha kukhala pamphepo. Chinali chimfine cha mtundu wake, chifukwa chinali chitatha miyezi isanu, ndipo mankhwala ake anali mpando wakutsogolo wokhawokha.

Nagama sanatukwane munthu. M'mawa mwake anachapa, anasita malaya onse, anasesa pabwalo, makiyi anasiya kwa aneba. Anakwera minibasi ya ku Ntcheu.

Sipanathe mwezi, nyumba inayamba kuwauza zoona a Kandoje. Aneba anasiya kupereka moni. Mwana wamkulu, Tiyese, anasiya kuyankha foni. Mayi wa saluni anabwera kawiri, anaona mapoto osatsuka, chimfine chinatheratu pomwepo, sanaonekenso. A Kandoje anameza malovu, napita kwa amalume awo, nkhoswe ya banjalo. Ankhoswe a mbali ziwiri analankhulana, napangana tsiku: Loweruka, dzuwa lisanafike pamutu, kwa Bawi. Akuchikazi ananenetsa kuti, "Abwere mwini wake, adzanene ndi pakamwa pake. Tsiku ndi limenelo, lina sitiika."

Koma pikapu inali ndi nthenda yake. Akasintha giya, pansi pankamveka gu, ngati munthu wamenya mgolo ndi chibakera, ndipo ndodo ya giya inkanjenjemera m'dzanja. Zinatero chaka chathunthu, iwo ankangokweza wailesi. Tsopano anaganiza za kulowa m'mudzi wa apongozi ndi gu ameneyo, alamu awo akumva, ndipo manyazi anawagwira.

Lachisanu m'mawa anapita ku Ndirande. Anagula mauntingi awiri, malabala okhuthala aja amene giyabokosi imakhalapo kuti isagundane ndi chitsulo cha galimoto. Anasemetsanso mabushi, timalabala ta m'miyendo ya galimoto, kwa amisiri amene amawadula kuchokera ku tayala la lole, iwe uli chiimire. Atafika kunyumba anaimika pikapu pansi pa mtengo wa mapeyala, anatchinga matayala ndi njerwa, anaika jeke ndi kathabwa pansi pa giyabokosi, anayala katoni, nagona chagada.

Labala woyamba anachoka osavuta. Atamutulutsira poyera anamutembenuza m'manja. Anali atauma, ataphwatalala, atang'ambika pakati mpaka kuonekera kuwala, ndipo chitsulo chinali chitayamba kudya chitsulo chinzake. A Kandoje anapukusa mutu. "Kodi ameneyu anatha liti?"

Wachiwiri ndiye anavuta. Bawuti lake linali litagwira dzimbiri. Anathira parafini, anagogoda ndi nyundo, osatheka. Analowetsa paipi ku sipanala, nakoka ndi mphamvu zonse. Mutu wa bawuti unaduka, thupi lake n'kutsala mkati. Dzuwa linalowa giyabokosi ili pa jeke.

Loweruka m'mamawa amalume anafika atavala jekete ndi chipewa. Anapeza miyendo iwiri ikutulukira pansi pa pikapu.

"Mphwanga, tulukamo. Samba msanga, tikakwere minibasi pa Kameza."

"Amalume, latsala bawuti limodzi lokha."

"Bawuti lilibe miyendo. Udzalipeza mawa."

"Ine kukatsika minibasi pa Bawi, n'kuyenda wapansi, fumbi mpaka m'mawondo? Adzati mkazi atangochoka, galimoto nayo yagwa. Alamu anga aja amandiseka ndi kale."

"Akaseke, mano ndi awo. Kodi ukupita kukatenga mkazi kapena kukaonetsa matayala?"

"Muwaimbire, muwauze kuti ndadwala malungo. Mawa ndifika."

"Ndakalamba ine. Sindinganamize anthu amene andiyalira mphasa."

Amalume anaimabe pamenepo. A Kandoje ali chigonere ankaona nsapato zawo zopukutidwa, zitaima pafupi ndi tayala. Mtima unawauza kuti atuluke. Panali pongokwawa kawiri basi. Koma maso awo anabwerera pa bawuti loduka lija, ndipo dzanja linafufuza nyundo. Nsapato zija zinatembenuka, zinapita.

Kunena zoona, ntchito anaigwira bwino. Anaitana wowotcherera, anazula bawuti lija. Anakhazika giyabokosi pa malabala atsopano. Atakweza galimoto pa jeke, mabushi anawapaka sopo kuti alowe mosavuta, ndipo sanawamange galimoto ili m'mwamba. Anayamba aitsitsa kuti iime ndi matayala ake, kenako n'kulimbitsa, monga amachitira odziwa ntchito. Amalume sanadzere pakhomo pobwerera, ndipo foni sanayankhe. A Kandoje anadziuza kuti ndi ukalamba chabe.

Lamulungu ananyamuka atavala suti. Lirangwe, Zalewa, Phalula, giya inkalowa ngati mpeni m'papaya. Analowa m'mudzi wa apongozi anthu atangoweruka kutchalitchi, naimika pikapu pamene aliyense angaione.

Atsibweni a Nagama anawapatsa mpando pakhonde. Anafunsa za ulendo, za mvula ya ku Blantyre, za ana. Kenako anati:

"Dzulo tinayala mphasa pansi pa mtengo uwo. Tinapha tambala. Mwana wathu anadzuka m'mawa, anamanga katundu wake, chikwama anachiika pakhomo apo. Titamufunsa anati, 'Akangobwera n'kunena kuti analakwa, ndipita nawo, ana anga ali kumeneko.' Anakhala atavala zaulendo mpaka dzuwa kupendeka. Atafika amalume anu okha, tinafunsa kuti mkamwini ali kuti. Munthu wamkulu uja anavula chipewa, nati, 'Ali pansi pa galimoto.' Panalibe amene anaseka. Mwana wathu analowa m'nyumba, namasula chikwama. Nkhani tinaitseka pamenepo, ankhoswe onse alipo."

A Kandoje anayamba kufotokoza za bawuti, za dzimbiri, za wowotcherera amene anachedwa kubwera. Ali mkati mofotokoza, Nagama anatuluka ndi beseni la madzi ndi sopo. Anagwada patali pang'ono, monga amagwadira mlendo aliyense.

"Mwayenda bwanji, bambo a Tiyese?"

"Ndayenda bwino, mayi. Ine ndabwera kuti..."

"Sambani m'manja, muli girisi m'zikhadabo. Galimoto yachira?"

"Yachira."

"Zikomo. Inali kudandaula kalekale."

"Mayi a Tiyese, tiyeni kunyumba. Ndinalakwa."

Nagama anathira madzi m'manja mwawo mpaka anatha kusamba, ndipo anawapatsa kansalu kopukutira.

"Mawu amenewo ndinawadikira dzulo, nditavala nsapato. Zaka zonsezi sindinakuoneni mutagona m'fumbi chifukwa cha munthu. Dzulo ndinamva kuti mumatha."

Ananyamula beseni nalowa m'nyumba. Chakudya anawapatsa, chifukwa mlendo sabwerera ndi njala, koma anadya okha pakhonde. Ana a m'mudzimo anazungulira pikapu, akudziyang'ana pa magalasi. A Kandoje anatsanzika dzuwa likadalipo, ndipo alamu awo aja, amene ankawaopa kuti aseka, anawaperekeza mwaulemu mpaka pamsewu.

Mpaka lero a Kandoje ali ku Chirimba. Amasita okha malaya, ndipo pa thalauza pamatuluka mizere iwiri. Ndi aneba akukangana kachitatu chaka chino, popanda wokapepesa. Nagama amalima mbatata kwawo, ndipo amene anamuona akuti wanenepa, tsaya likuwala. Ana akatsekera sukulu amatsikira kwa Bawi.

Tsono inu amene mwamva, musathamangire kuseka a Kandoje, ngakhale kuti wigi uja ngoseketsa. Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi munthu amene anakhala pakati pa zitsulo ziwiri. Mwina ndi mkazi, mwina mwamuna, mwina mlongo wanu amene mumamutuma kukanena zimene inu mukuopa kunena. Saoneka, chifukwa ntchito yake ndi yoti inu musamve kugunda. Tsiku limene mwayamba kukumva, dziwani kuti anang'ambika kale. Ndipo akakupatsani tsiku loti mubwere, pitani mmene mulili, ndi fumbi, ndi girisi, ndi minibasi yodzaza nkhuku. Amene wamanga chikwama sakudikira kuti aone mwabwera pa chiyani. Labala akatha, ku Ndirande akusemerani wina musanamalize botolo la fanta. Munthu amene anakupirirani zaka makumi awiri, palibe msika umene amamusema.