Mtsuko wa Abiti Selemani

Lowani, lowani! Msanga! Rukiya, nyamula mwana. Musa, usiye mpirawo. Shii, osalira, atimva. Ndi galu wachiwewe uja, ndamuona ndi maso angawa kuseri kwa khola la Che Bwanali, thovu lili mbuu kukamwa. Lero Lachisanu, amuna onse ali kumzikiti, ndi abambo anu omwe.

Mmodzi, awiri, atatu. Atatu? Twaibu ali kuti?

Ukuti chiyani Rukiya? Ali pakhonde, kuseri kwa mgolo wa madzi? Akuti salowa? Chifukwa ndamunena chitsiru? Eti ndimakonda Musa yekha poti watsiriza juzu, buku lija la kumadrasa?

Ya Allah. Ndikatuluka athawa ameneyo, ndimamudziwa, miyendo ngati gwape. Ndikakuwa, galu abwera.

Chabwino. Khalani pansi apa. Chitseko ndichisiya chotsegula pang'ono. Ndikuuzani nthano, inu atatu. Amene ali kuseri kwa mgolo asamvere, si yake.

Kalekale, kunali mayi wina, dzina lake Abiti Selemani. Anali ndi ana atatu: Kasimu, Amidu, ndi kamtsikana kotsiriza, Asiyatu. Ana abwino zedi. Koma mayiyo ankaopa diso. Anthu anamuuza kuti ukamuyamikira mwana, diso loipa limugwera, mwana adwala. Iye anati, "Ana angawa ayi."

Anagula mtsuko. Anauika kuseri kwa chitseko, n'kuuvundikira ndi mbale.

Kasimu akabwera ndi mtolo wa nkhuni, mayi amangoti, "Hmm. Ika apo." Mwana akatuluka, mayi liwiro kumtsuko. Kuvundukula, kunong'oneza: "Ndiwe wamphamvu, mwana wanga." N'kuvundikira.

Amidu akawerenga sura, ndime za kumadrasa zija, osaphonya, mayi amangoti, "Hmm. Kasambe." Mwana akatuluka, mayi liwiro kumtsuko: "Ndiwe wanzeru, mwana wanga." N'kuvundikira.

Asiyatu akagawira alongo ake chinangwa chake, mayi amangoti, "Hmm. Sesa apo." Mwana akatuluka, mayi liwiro kumtsuko: "Uli ndi mtima wabwino, mwana wanga." N'kuvundikira.

Tsono mumtsukomo munalowa Gulo, buluzi wamutu wobiriwira uja. Iye ankayesa mayi akuuza iyeyo.

"Ine wamphamvu? Eya, ndimadziwa." Gwedeze mutu.

"Ine wanzeru? Ndi chibadwa." Gwedeze mutu.

Gulo ananenepa, kutuluka osatha. Ana kunja akuwonda mtima.

Shii! Musa, seka chamumtima. Mwamva kuuwako? Akadali kwa Che Bwanali. Khalani chete.

Tsiku lina Asiyatu anati, "Amayi sandiona ine. Ndikasesa, hmm. Ndikatunga madzi, hmm. Ndikupita."

Anapita kumtsinje yekhayekha. Anakhala pamwala, akulira.

Ng'ona inatulutsa mutu.

"Iii, mwana wokongola chonchi, wa yani?"

Asiyatu anasiya kulira. Mawu otero anali asanawamvepo chibadwire.

"Iwe ndiye mwana," inatero ng'ona. "Alongo ako aja ndi madeya. Sendera ndikuone bwino."

Asiyatu anasendera. Madzi m'mapazi.

"Dziko lonse palibe wofanana nawe. Amako sakukuyenera. Sendera."

Asiyatu anasendera. Madzi m'mawondo.

Apo Abiti Selemani anatulukira pamtunda, chitenje chili m'manja, anyamata ake pambuyo. Anakuwa: "Chitsiru iwe! Bwera kuno!"

Ng'ona inaseka. "Wamva? Ine sindingakunene choncho. Sendera."

Asiyatu anasendera. Madzi m'chiuno.

Mayi anafuna mawu abwino mkamwa. Munalibe. Anafuna pammero. Panalibe. Onse anali mumtsuko.

"Kasimu! Thamanga, katenge mtsuko kuseri kwa chitseko!"

Kasimu liwiro. Kasimu wabwera, mtsuko uli pamutu, ukulemera ngati thumba la mpunga. Mayi anaulandira, n'kuuponya pamwala. Phwaa!

Gulo uyo, chagada! Ndipo mawu anatuluka ngati njuchi, mawu a zaka ndi zaka, mtsinje wonse kumva.

"Asiyatu wagawira alongo ake chinangwa, iye kugona ndi njala."

"Asiyatu wandifunditsa nsalu nditadwala, akuyesa ndili mtulo."

"Asiyatu wathirira tsabola wanga, osatumidwa."

Asiyatu anaima. Anatembenuka. "Amayi, munaona?"

"Ndinaona, mwana wanga. Zonse ndinaona."

Ng'ona inati, "Inenso ndinaona! Sendera!"

Asiyatu anafunsa, "Tsabolayo ali mbali iti ya nyumba?"

Ng'ona inati, "Aaa... kumtunda. Kapena kumunsi."

Asiyatu anathamanga, madzi kuwazika. Kasimu anamugwira dzanja ili, Amidu dzanja ilo, n'kumukokera pamtunda. Ng'ona inaluma mphepo, kapu! N'kumira ndi njala yake.

Ana atatu anakhala pamchenga kumvera mawu otsala. Kasimu anamva ake. Amidu anamva ake. Panalibe mawu onena kuti uyu aposa uyu. Aliyense anali ndi akeake.

Koma mayi anayang'ana uku ndi uku. Amayi ochapa pamtsinje anali atamva zonse. Abiti Selemani anakuwa: "Kalanga ine, diso! Ana anga adwala!"

Mkazi wa mwalimu wa madrasa anali pomwepo, akufinya nsalu. Anaseka. "Abiti Selemani, mtsuko unali wa chiyani? Ingonenani kuti Mashallah. Ubwino wa mwana anapereka ndi Allah. Mumtchule Mwini wake, kenako mumuuze mwanayo pamaso, makutu ake amve."

Abiti Selemani anayesa. "Mashallah, Kasimu, wathamanga." Kasimu sanadwale. "Mashallah, Amidu, wagwira mlongo wako." Amidu sanadwale. Usiku usanagwe anali atanena kakhumi, ana mpaka kumuuza, "Amayi, basi, tamva."

Gulo yekha ndiye sanamvetse. Mpaka lero amakhala pamtengo, akamva munthu akuyankhula amagwedeza mutu. Amayesa akumuyamikira.

Ndiye mwamva, ana inu. Mwana akasowa mawu abwino kwa amake, amakawafuna kwa ng'ona. Mawu a ng'ona amamuchotsa kwa abale ake. Mawu a mayi amatchula chimene wachita, ndipo amamubweza kunyumba.

Ukuti chiyani Rukiya? Ngati ine ndili ndi mtsuko?

Ndili nawo. Uli muno, pachifuwa. Dikirani ndiuswe, koma mwakachetechete.

Mashallah. Pali mwana wina m'nyumba muno. Lero ndi iye wayamba kumuona galu uja. Sanathawe yekha. Wakankhira kamng'ono kake Jafali kwa Rukiya, kenako wabwerera kukatseka mbuzi. Ine ndinachita mantha, ndiye pakamwa panatuluka "chitsiru". Ndinalakwa. Dzulo anandipalira moto ndisanadzuke, akuyesa sindinaone. Juzu atsiriza nthawi yake, Inshallah. Musa ali ndi zake, iyenso ali ndi zake. Dzina lake limayamba ndi Twa...

Shii. Mgolo wagwedera.

Twaibu, mwana wanga, usathamange. Yenda pang'onopang'ono, usayang'ane kumbuyo. Galu ali pampanda. Phazi limodzi. Lina. Lina. Ndipatse dzanja.

Lowa! Rukiya, kankha! Musa, mpiringidzo!

Gwa. Alhamdulillah.

Bwera kuno iwe, mutu wonyowawu. Ukuti sunamvere? Eya, ndikudziwa, nthanoyo sinali yako. Nanga ukuseka chiyani? Gulo? Unamumva kuti Gulo?

Musa, usatupe masaya, mpiringidzo wauika bwino, Mashallah. Rukiya, Mashallah, mwana sanalire m'manja mwako. Nawenso Jafali, Mashallah, wangoyamwa chala. Taonani, nayenso akugwedeza mutu!

Nthano yanga yathera pomwepa, kuseri kwa chitseko chino. Abambo anu abwera ndi anthu ambiri, tiwachenjeza pazenera.

Imani ndiwerenge. Rukiya, mmodzi. Musa, awiri. Jafali, atatu. Twaibu, anayi.

Anayi. Chitseko chatsekeka. Tonse tili muno.