Mwala Umene Malemu Anasiya m'Thanki

Pabalaza pa a Phuma, pamalo pamene anthu ena amaika wailesi yakanema, panali thanki yagalasi ya madzi amchere. Munali tinsomba tiwiri, pampu yong'ung'udza tsiku lonse, ndi mulu wa miyala yoyera mbee ngati mafupa. Pamwamba pa muluwo panali mwala umodzi wosaposa chibakera, wokutidwa ndi ndere ija yolimba ngati laimu, yapepo wosakanikirana ndi pinki, imene osunga mathanki otere amailakalaka kuposa nsomba zimene. Mwala umenewo unali wa malemu akazi awo.

Dzina la Phuma sanabadwe nalo. Analitola kuchipatala kumene anakalambira akuyendetsa ambulansi, ndipo ngakhale atapuma pantchito, tiyi ankamwabe ataimirira. Wodekha m'banjamo anali akazi awo, namwino wa pachipatala chomwecho. Iwo akaweruka ankakhala pamaso pa galasi asanavule n'komwe yunifolomu, kumaphunzitsa mwana wawo wamkazi kusamala madzi, mpaka thanki yawo yakale inachita pepo paliponse, miyala ndi makoma omwe. Masiku amenewo a Phuma ankangodutsa makiyi ali m'manja, n'kuseka kuti mayi ndi mwana akuweta miyala.

Mayiwo atamwalira, mwana uja n'kupita kukagwira ntchito kutali, a Phuma anasamukira m'nyumba yaing'ono. Posamukapo thanki yakale inang'ambika pagalimoto, zonse za m'katimo n'kufa, kupatula mwala umodzi umene unayenda wokha m'ndowa ya madzi. Munthu amene ankaseka uja ndiye anakagula thanki ina ndi miyala youma, n'kukhazika mwala wa akazi ake pamwamba. Ankawasowa mayiwo koopsa. Zovala zawo zinali zitagawidwa, fungo lawo linali litatha m'mapilo, ndipo chamoyo chokha chimene manja awo anakhudza chinali ndere ya pamwalapo. A Phuma ankafuna kuti ifalikire thanki yonse, kuti akakhala pampando aziona mtundu uja umene ankaudutsa osauyang'ana.

Wowathandiza anali alamu awo, mlongo wa malemuwo, amenenso anali ndi thanki yawo kunyumba. Ankabwera kumapeto kwa sabata ndi timabotolo toyezera madzi komanso nthabwala zosatha. Anawafotokozera kuti ndere imeneyi imadana ndi madzi osinthasintha. Mchere, komanso mankhwala a kashiamu ndi soda, zizikhala pamlingo umodzi, nyale ya pathanki iziyaka mosapsereza, basi. Pofesa ndereyo, munthu amapala pang'ono chabe m'mbali mwa mwala wakale ndi lezala, n'kuzimitsa sefa yoyeretsa madzi kwa kanthawi kuti fumbi lakelo likagwere pamiyala inayo. Anachita zomwezo awiriwiri, alamu akupala malo ochepa ngati chikhadabo. A Phuma atafunsa kuti ayembekezere kuona chiyani sabata yamawa, alamu anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, iyi si ambulansi. Miyala siipatukira munthu ngati magalimoto pamsewu. Idzamera ikafuna, inu muzingosunga madzi."

Masabata anadutsa, miyala ili mbee. M'mawa uliwonse a Phuma ankaima pakati pa balaza manja ali m'chiuno, kuponya diso kamodzi, n'kupukusa mutu. Kenaka mwana wawo anaimba foni kuti wapeza tchuthi, abwera mwezi wotsatira, koyamba chichitikireni maliro. Asanatsazike anafunsa ndi mawu otsika ngati mwala wa amayi ake unalipobe. Apa m'pamene pakamwa panawathamangira bambowo.

"Ulipo, mwanawe, ndipo wabereka. Udzapeza thanki yonse ili ngati ya amayi ako."

Ataika foni pansi anayang'ana miyala yoyera ija. Anaganiza monga dalaivala, kuti ulendo ukatalika umaponda mafuta. Ngati kupala pang'ono kumafesa pang'ono, ndiye kupala kwambiri kufesa kwambiri. Anatenga lezala napala theka la mwalawo, madzi n'kuchita fumbi lapepo lokongola zedi, iwo n'kumwetulira okha.

Alamu ataona chipsera choyera pamwalapo, nthabwala zinawathera. Anawachonderera kuti asaukhudzenso, popeza mlimi wanzeru sathira mbewu yonse m'nthaka tsiku limodzi, amasungako ina kuopa kuti mvula ingamunamize. A Phuma anayankha kuti alamuwo ndi mlongo wawo anabadwa ndi magazi ozizira, ndipo kuti odwala akanamadikira anthu ngati iwo, chipatala chikanakhala manda okhaokha. Anaseka onse, koma alamu anatuluka akukanda kumutu, podziwa kuti alankhula ndi nkhutukumve.

Chitseko chitangotsekeka, a Phuma anapala theka lotsalalo, kusiya timizere chabe m'ming'alu. Nyale anaikweza mphamvu naileka kuti iziyaka osazima. Kashiamu ndi soda, zimene alamu anati zizithiridwa pang'onopang'ono komanso pa nthawi zosiyana, iwo anazikhuthulira limodzi, supuni zodzaza. Posakhalitsa madzi anasanduka ngati mkaka. Mankhwala awiriwo anagwirana n'kukhala choko, chokocho n'kukuta miyala, pampu ndi galasi. Pochita mantha, anataya madzi ochuluka nathira ena osakaniza mothamanga, mchere osayeza. Patapita masiku angapo madzi anayera ndithu, koma timizere tapepo tija tinali titayera nawo. Mwala wa malemu unangofanana ndi inzake.

Alamu anabwera, nayeza madzi, natenga tinsomba tija, timene tinali tikupuma movutikira, kuti akatisunge kwawo. Ataona mmene nkhope ya mlamu wawo inagwera, anati akhoza kubweretsa mwala wapepo wa m'thanki yawo, mwina mwanayo sadzazindikira. Mayeserowo anali aakulu, koma a Phuma anakana. Anati mwanayo ankaudziwa mwala wa amayi ake monga ankadziwira nkhope yawo, ndipo bodza limodzi la pafoni lija linali lokwanira.

Tsiku limene mwanayo anafika, anawakumbatira bambo ake pakhomo, naika chikwama pansi, maso ali kale kuthanki. A Phuma anayamba kufotokoza, koma iye sanawadule kapena kuwadzudzula. Anagwada pafupi ndi galasi, natchinga kuwala ndi zikhato, nayang'ana m'mbali, kunsi kwa miyala ndi kuseri kwa pampu. Anakhala choncho nthawi yaitali, moti bambowo anayamba kupondaponda ngati munthu wodikira basi. Kenaka anawakodola kuti agwade naye.

"Bambo, izi munaziona?"

A Phuma anavala magalasi, mawondo akulira pogwada. Poyamba sanaone kanthu. Atakhazikika, maso anayamba kutola timadontho tozungulira ngati mitu ya mapini, tambirimbiri, tomatirira pakhoma lakumbuyo, pachingwe cha pampu ndi m'mphepete mwa mwala uliwonse. Tonse tinali toyera, touma, takufa.

"Inali itamera kale, bambo," anatero mwanayo, akuloza pagalasi. "Imayamba chonchi. Izi ndi zija munafesa ndi amalume poyamba paja. Mukanangoisiya, ndikanaipeza."

A Phuma anakhala pansi pomwepo. Chimene ankachilira m'mawa uliwonse chinali chitabwera kale m'nyumba mwawo mwakachetechete, iwo n'kuchipha ndi manja awo chifukwa choti sanawerameko ngakhale kamodzi kuti achione. Analira monga sanalirire ngakhale pamaliro paja, mwana wawo atawagwira paphewa. Ndere ina akanatha kuipeza kwa alamu tsiku lililonse, koma ya akazi awo inali itapita, ndipo panalibe koitenganso. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.