Mawu a Timba

Mumsewu wa amisiri, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wosoka nsapato, panali kashopu ka bambo wina wokonza zoimbira. Anthu ankangowatchula kuti a Nsambo, chifukwa ukalowa m'menemo, zoyamba kukulonjera zinali nsambo za magitala zolendewera pamisomali ngati ndevu za chimanga. Pansi pa tebulo pankakhala ng'oma zodikira zikopa zatsopano, ndipo fungo la guluu linkafika mpaka m'nyumba mwawo, kuseri kwa shopuyo.

A Nsambo anali ndi lamulo losasintha. Dzuwa likapendeka, ankatenga gitala iliyonse, kuipukuta, n'kumasulako nsambo pang'ono. Ng'oma ankazifunditsa nsalu.

"Chida chimapuma," ankawauza makasitomala. "Mukachisiya chokungika usiku ndi usana, khosi limapindika. Ndiye mudzabwere kuno mukulira ngati ndalipinda ndine."

M'nyumbamo munalinso lamulo, koma la akazi awo, omwe anali telala. Mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, asambe kusanade, adye, alembe ntchito ya kusukulu, asite yunifolomu. Nkhani za pa wailesi zikangotha, nyale ya kuchipinda kwake izime. Mtsikanayo anali wochepa thupi, wa timiyendo tonga machesi, n'chifukwa chake anamutcha Timba, dzina la kambalame kaja.

Tsiku lina madzulo a Nsambo akuyesa gitala ya kasitomala, anamva mawu akutsatira nyimboyo kuchokera pampopi pomwe Timba ankatsuka mbale. Anasiya kuliza gitalayo. Mawuwo ankakwera ngati utsi wa tsiku lopanda mphepo, osagwedera, ndipo atafika pomwe mawu a munthu amathera, anapitirira. Kenaka magitala opachika pakhoma anayamba kulira okha chapansipansi, popanda wowakhudza. A Nsambo anachita tsembwe thupi lonse. Chiyambireni ntchitoyi anali atagwirapo zoimbira zamitundumitundu, koma chotere anali asanachimvepo, ndipo chinali m'nyumba mwawo momwe, chikutsuka mbale.

"Mayi a Timba, mwamva? Mawuwa mwanayu wawatenga kuti?"

"Kwa inu ayi," anayankha mayiwo singano ili pakamwa. "Inu mukaimba agalu amasamuka."

Pasanapite nthawi kunamveka kuti sukulu ina ya zoimbaimba idzayesa ana, ndipo wopambana adzaphunzira ulere. A Nsambo, munthu wotha moyo wake wonse akukonza zoimbira za ena, anaona khomo litatseguka. Anayamba kumuphunzitsa Timba madzulo aliwonse akatseka shopu, ndi gitala imodzi yomwe ankaisiya yokungika.

Koma mawu sabisika. Wowotcherera anabwera ndi kampando kake, wosoka nsapato ndi akazi ake, kenaka msewu wonse. Ena ankajambula pa foni n'kutumizira abale awo. Timba akafika pamwamba paja, anthu ankangoti zii, amayi ena n'kumapukuta misozi. Akamaliza, wina ankafuula kuti, "Kamodzinso!" ndipo a Nsambo, chifuwa chili patsogolo, ankayambiranso.

Nkhani za pa wailesi zinkatha popanda wozimva. Mayi a Timba ankaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Timba, mwana akagone. Mawa kuli sukulu."

"Tulo sitithawa, mayi. Mayeso akadutsa adzagona mpaka atope nato."

"Magitala anu mwawagoneka kalekale. Mwana yekha ndiye ayi?"

"Gitala ndi mtengo. Uyu ndi mwana, magazi ake akuwira."

"Alamu, musatitsekere konsati yaulere," anatero wowotcherera, anthu n'kuseka. Mayiwo anabwerera kumakina awo osokera.

Zizindikiro zinalipo, kungoti a Nsambo makutu awo anali atadzaza ndi kuwomba m'manja. M'mawa Timba ankadzuka ngati wokoka thumba la mchenga. Yunifolomu inayamba kupita kusukulu yosasita. Aphunzitsi anatuma uthenga kuti mtsikanayo akusinza pa desiki. Asanayambe nyimbo iliyonse ankayamba watsokomola kaye.

"Ababa, ndatopa," anatero tsiku lina chapansipansi, kuti anthu asamve.

"Imodzi yokha, mwanawe. Imodzi yokha."

Ndipo imodziyo inabala zinzake.

Tsiku la mayeso anakhala pabenchi panja pa holo pamodzi ndi ana ena ndi makolo awo. Timba anatsamira mkono wa bambo ake n'kugona pakamwa pali yasa, mpaka anachita kumugwedeza dzina lake litaitanidwa. M'kati munali mayi wina wa magalasi atakhala pa piyano. Anamwetulira.

"Ndiwe uja ndinakumva pa foni? Ndakhala ndikukudikira. Tiye."

Mzere woyamba unatuluka wosasa. A Nsambo anati n'chifuwa chabe, ziyera. Timba anakoka mpweya, anakweza mutu, n'kulunjika pamwamba paja pomwe ankalizira magitala a pakhoma. Pakamwa panatseguka, khosi linakungika, koma panangotuluka mphepo, ngati mpira wobooka. Anayesanso. Mphepo yokhayokha. Anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake ndi maso ofunsa, ngati iwo ndiwo angadziwe komwe mawuwo apita.

Mayi wa magalasi anatseka piyano mwakachetechete. "Pepani, bambo. Ana odikira ndi ambiri." Malo ophunzira ulere aja anawatenga mwana wina.

Kuchipatala dokotala anaunika kukhosi kwa Timba, n'kufunsa nthawi yomwe amagona. A Nsambo anayang'ana pansi. Anayankha ndi mayi.

"Kukhosi kwatupa," anatero dokotala. "Asaimbe, asafuule, ndipo azigona msanga. Mwana wa msinkhu uwu thupi lake limamangidwa ali m'tulo. Mukamulanda tulo, ndiye kuti mwathamangitsa amisiri ntchito ili m'kati."

"Nanga mawu abwerera?"

"Kawirikawiri amabwerera. Koma sindingakulonjezeni kuti adzakhala omwe aja."

Atafika kunyumba masana omwewo, Timba anagwera pabedi nsapato zili kuphazi. Anagona mpaka dzuwa kulowa, anagona usiku wonse, ndipo m'mawa mwake dzuwa litakwera anali asanatembenuke. A Nsambo anaima pakhomo la chipindacho. Mwanayo anali atapinda mawondo, dzanja lili pansi pa tsaya, kupuma kwake kukukwera ndi kutsika mosaphonya. Anamvetsera monga ankamvetserera chida chodwala, ndipo mantha aulemu anawagwira. M'kathupi kameneko munkachitika ntchito yomwe iwo, ndi guluu wawo ndi timisomali tawo, sakanaidziwa ngakhale poyambira. Chomwe akanatha n'kusasokoneza basi. Anavula nsapato zawo n'kubwerera chonyang'ama.

Madzulo ake wowotcherera anasuzumira ndi kampando kake. "Konsati ilipo lero?"

"Yatsekedwa, achimwene."

Lamulo la mayi linabwerera, koma tsopano woliyang'anira anali a Nsambo eni ake. Nkhani zikatha, ankazimitsa wailesi ndi dzanja lawo. Nyundo ankaiika pansi ngakhale ntchito itatsala pang'ono, mafoni onse ankawasiya pa tebulo la makina osokera. Mayi a Timba sanawakumbutsepo za magitala ogona aja. Ankangowayang'ana pamwamba pa nsalu, n'kupitiriza kusoka.

Masabata anadutsa nyumba ili chete. Timba ankalankhula monong'ona, ndipo pampopi pankangomveka mbale. A Nsambo ankati akamakunga nsambo m'mawa, ankatchera khutu kuseri, n'kumva madzi okha. Koma masaya a mwanayo anayamba kudzaza, aphunzitsi anasiya kutuma mauthenga, ndipo tsiku lina mayi anaitana amuna awo akumasula mpendero wa siketi ya yunifolomu.

"Taonani, yafupika. Munthuyu akukula chigonere."

Linali Loweruka m'mawa, a Nsambo atangomaliza kukunga magitala onse n'kuwapachika. Anawerama kuti atenge chikopa, ndipo anamva kulira kwapansipansi pakhoma. Anayang'ana. Panalibe wokhudza, panalibe mphepo. Kenaka anawamva mawuwo, akuchokera pampopi. Sanali opyapyala ngati kale. Anali atakula, ali ndi thupi, ngati mtsinje womwe wadutsa m'mapiri n'kufika pachigwa. Anakwera mosafulumira, anafika pamalo paja anathera m'holo muja, anaima pang'ono, n'kudutsa. Makina osokera anasiya kulira. Ngakhale kwa wowotcherera kunati zii. A Nsambo anangokhala pansi pomwepo, chikopa chili m'manja, misozi ikugwera pa apuloni.

Madzulo msewu wonse unabwera ndi mipando.

"Tamva, yabwerera!" anatero wowotcherera. "Lero mpaka tambala!"

"Tambala akaimbe yekha," anayankha a Nsambo. "Uyu aimba pang'ono, kukadali kowala."

Timba anaimba, anthu anagwira pakamwa, ndipo nyimbo yachiwiri itatha bambo ake anaika gitala pamiyendo. Anthu anadandaula, koma anabalalika. Mtsikanayo anasamba, anadya, ndipo nkhani zitatha pa wailesi anabwera kudzaima pambali pawo, maso akuwala.

"Ababa, imodzi yokha."

A Nsambo anamuyang'ana. Mtima wawo unkafuna nyimboyo kuposa mmene mwanayo ankaifunira. Anagwira zokungira za gitala ija n'kuyamba kumasula nsambo, imodziimodzi.

"Ayi, mwanawe. Mawa kuliko. Kagone."

Nyale ya kuchipinda inazima. Malo a kusukulu ya zoimbaimba aja sanabwerere, ndipo a Nsambo ankadziwa bwino yemwe anawataya. Koma mawu anatsala, ndipo kuyambira pamenepo, kasitomala akabweretsa ng'oma yobooka pakati n'kumadabwa kuti inali yomveka bwino kuposa zonse, iwo ankasisita chikopacho n'kuyankha mofatsa, ngati munthu amene anaziona m'nyumba mwake, kuti akulu sananame: ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.