Magazi a Ninfa

Mu shopu yake yokonzera njinga zamoto mumzinda wa Manizales, Evaristo Quiceno ankadziwika ndi zinthu ziwiri: khutu lomva nthenda ya injini isanazime, ndi mtima wa mwala. Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa osalankhulana ndi mlongo wake wamkulu, Ninfa, chifukwa Ninfayo anaika maliro a mayi awo iye ali pa ulendo, osamudikira.

Kenaka Evaristo anayamba kufooka. Sipanala inkamulemera, nkhama zikuchucha magazi. Dokotala Zuluaga, mayi wosazungulira polankhula, anamukhazika pansi pamodzi ndi mkazi wake Griselda.

"M'mafupa a munthu muli timbewu tobala magazi. Tanu tafa. Tikhoza kubzala ta munthu wina, makamaka wobadwa naye bere limodzi. Muli ndi m'bale?"

"Ndilibe."

Griselda anamuponda phazi. "Bambo inu, bodza pamaso pa adokotala? Nanga Ninfa anagwa kumwamba?"

"Ndati ndilibe. Bola kufa."

"Mufadi, musade nkhawa."

Miyezi inayi anadikira kuti papezeke mlendo wofanana naye, koma sanapezeke. Thupi linatha ngati sopo, shopu inatsekedwa. Chibayo chitamugwetsa, Griselda analeka kupempha chilolezo. Anakwera basi kupita ku tauni ya Chinchiná, kumene Ninfa ankagwira ntchito yosankha khofi.

Ninfa anafika m'mawa mwake, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Anasuzumira pagalasi la chipinda cha wodwalayo, napukusa mutu.

"Taonani mbuzi ya makani, yatsala nyanga zokha. Adokotala, tengani chimene mukufuna."

Atawayeza, anapeza kuti akufanana theka lokha, koma adokotala anati masiku ano theka limakwana. Ninfa anabayidwa majakisoni masiku angapo, kenaka makina anasefa timbewu tija m'magazi ake. Tsiku lobzala, namwino anapachika kathumba kofiirira pambali pa bedi la Evaristo, kosadzaza n'kapu yomwe.

"Basi? Moyo wanga wonse ndi kameneka? Nanga mung'amba pati?"

"Siting'amba paliponse," anatero Dokotala Zuluaga. "Timbewuti tikalowa mumtsempha timasaka tokha njira ya m'mafupa. Tikafika timakhazikika n'kuyamba kubala."

Evaristo anakhala kukamwa yasa. Zaka zonse zomasula injini, anali asanaonepo chitsulo chopita chokha pamalo pake.

Milungu iwiri kunali zii. Malungo ankabwera n'kupita, Griselda atagwira korona m'manja. Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi, magazi atsopano anayamba kuoneka, ochepa ngati mmera wongotuluka kumene.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, adokotala anamuonetsa pepala. Gulu la magazi ake linali litasintha.

"Magazi onse amene akuyenda mwa inu, bambo Evaristo, ndi a Ninfa. Woyeza atapanda kukuonani, angalumbire kuti ndi a munthu wamkazi."

Evaristo anayang'anitsitsa mitsempha ya padzanja lake nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu. Lamlungu lotsatira anakagogoda yekha pakhomo la Ninfa, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, ndinakukanani pamaso pa anthu."

"Ndinamva. Pakamwa pako ndi pamene panandikana, koma mafupa ako anandilandira. Lowa, zitumbuwa za arepa zikuzizira."

Amene anayamba kunena mwambi uwu sanaonepo makina osefa magazi, koma anali ataona kale patali: chibale ndi fupa, sichiwola.