Mfuti Yodula ya Mkamwini

Chaka chimene fodya anagwa mtengo, azungu a m'mafamu a ku Foti Jemusoni n'kuyamba kumanga akatundu awo, Josephat Mbewe anabwerera kumudzi kwa mkazi wake, kufupi ndi Nyanje, ali ndi chipewa chakhonde, jekete losowa mabatani awiri, ndi mfuti. Chipewa ndi jekete sizinalakwire munthu aliyense.

Josephat anali mkamwini. Zaka zisanu anali atakhala pamudzi wa eni, kupatula miyezi imene ankakhala ku famu monga kapitawo, ndipo zaka zonsezo mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kutenga mkazi wake Rhoda chitengwa, kupita naye kwawo ku Katete. Kwanu ukatsokomola m'mawa, ana amadziwa kuti mwini khomo wadzuka. Kuchikamwini ukatsokomola amakufunsa ngati khasu walinola.

Chilolezo chinali m'manja mwa anthu awiri, a Jonasi, atsibweni ake a Rhoda, ndi a Nankhoma, amayi ake. Ndi a Jonasi ankatha kukhala pansi n'kukambirana. Koma apongozi aakazi, monga mwa mwambo, sankaonana nawo maso ndi maso. Akakumanizana m'njira, woyamba kuona mnzake ankapatuka, n'kulowa patchire, n'kutembenuza msana mpaka winayo atadutsa. Motero zaka zisanu zathunthu Josephat ankawadziwa a Nankhoma chakumbuyo kokha.

Mfutiyo anaipeza motere. Mzungu wa pafamupo, potsanzika, anamuuza kuti asankhe imodzi mwa mfuti ziwiri zachifefe zimene zinali pakhoma, ndipo za chikalata cha ku boma anakonza yekha. Chifefe ndi mfuti ya mbalame. Sichiponya chitsulo chimodzi ayi, chimalavula machaka, tizitsulo tambirimbiri tonga mapira. Ina inali yaitali, ina yaifupi. Josephat anazinyamula, nazinunkhiza, nasuzumira m'mipope mwake ndi diso limodzi ngati munthu wodziwa chimene akufuna kuonamo.

Khukhi wa pafamupo, mkulu wina wotchedwa Harrison, amene anali atasosola mbalame zonse zimene mfutizo zinagwetsa, anamuonerera mpaka anatopa.

"A Kapitawo, yaitaliyo ndi ya atsekwe ndi abakha a m'madzi. Imaunjika machaka pamodzi n'kuwafikitsa kutali. Yaifupiyo imamwaza, ndi ya nkhwali ndi nkhanga zodzambatukira pamapazi penipeni. Kwanuko mukufuna muzikadya chiyani?"

"Zonse," anatero Josephat.

"Zonse amadya ndi moto wa m'tchire."

"Inu dziwani za mapoto, a Harrison."

Anatenga yaitali. Nzeru yake inali yakuti chachitali ungachifupikitse, koma chachifupi sungachitalikitse. Mawu amenewa anamukomera kwambiri, moti ulendo wonse wa masiku anayi anawauza aliyense amene anamupatsa madzi akumwa.

Kumudzi anapeza apongozi ake ali pankhondo ndi mbalame. Kudambo anali ndi mpunga, umene atsekwe ankauterera m'mawa uliwonse ngati anathandiza nawo kuoka. Chakumtunda kwake anali ndi mtedza, umene nkhanga zinkafukula. A Jonasi anaiyang'ana mfutiyo kuyambira kumutu mpaka kumchira, kenako anayang'ana mwini wake.

"Akamwini, mawu ndi amodzi. Mlongo wanga wati mpunga uja ukalowa m'nkhokwe chaka chino, Rhoda mumutenge. Tichotsereni atsekwe basi. Nkhanga zisiyeni, tili ndi misampha."

"Atsekwe okha, atsibweni? Munthu wochokera ku Foti Jemusoni? Ndikupatsani atsekwe, nkhanga, nkhwali, njiwa zikhale zapamwamba. Zonsezo mfuti imodzi."

"Ife tapempha atsekwe," anatero a Jonasi, nanunkha fodya wawo.

M'mawa mwake Josephat anapita kwa a Elias, mmisiri wosula makasu, naika chala pampope. Anali ataganiza usiku wonse kuti mfuti ya zonse isakhale yaitali ngati ya atsekwe, isakhalenso yaifupi ngati ya nkhwali.

"Dulani apa."

A Elias analowetsa chala chaching'ono pakamwa pa mpopewo, nachizunguza.

"Mukumva mmene pathinira pano? Amene anaisula sanali woledzera. Kuthinaku ndiko kumagwira machaka kuti asabalalike asanafike. Mukadula apa, a Mbewe, mwagumula mlomo wa mtsuko."

"A Elias, inu munayamba mwagwirapo mfuti ya mzungu?"

"Iyayi."

"Ndiye dulani."

A Elias anadula. Inali ntchito ya masiku awiri ndi tupa, ndipo chidutswa chotsalacho anachiika ku mvukuto wawo, kumene chinagwira ntchito yabwino zaka zambiri.

Sizinathere pomwepo. Josephat anali ndi zipolopolo za mitundu iwiri, za machaka akuluakulu a atsekwe ndi za ang'onoang'ono a nkhwali. Anakhala pakhonde, nazitsegula zonse, nasakaniza machakawo m'lichero, nawabwezera. Anawonjezeranso wonga, kuti mphamvu ilowe m'malo mwa utali umene unapita kwa a Elias.

"Atate ake a Flora, lichero langa limenelo," anatero Rhoda.

"Lili pantchito yaikulu kuposa madeya."

"Bwanji osayamba mwaiyesa pamtengo?"

"Mtengo wandilakwira chiyani? Iyi tikaiyesera pa ndiwo."

"Ine anzanga ndawauza kale kuti ndikupita ku Katete. Musandisandutse nyimbo ya pamtondo."

"Mayi, yambani kufuna mchere."

Lolemba m'mamawa, mame asanaume, Josephat anavala jekete ndi chipewa, natsika kudambo akuyenda ngati msilikali. Njira ya kumeneko inali yopapatiza, yodutsa m'mbali mwa bango. A Nankhoma anali atalawirira kuchitsime cha kudambo, ndipo anali pobwerera ndi mtsuko pamutu. Ataona chipewa cha mkamwini chikubwera patali, anachita zimene mayi wolemekezeka aliyense akanachita. Anatula mtsuko, napatuka, nalowa m'bango, natembenuza msana, nawerama, kudikira kuti adutse.

Josephat sanawaone. Maso ake anali ndi zochita zina. Kumanzere, pampunga, panali atsekwe asanu ndi mmodzi, onenepa, ali phee, pamalo poti mfuti yaitali ikanawagwetsa osachita kupempha. Kumanja, m'mphepete mwa mtedza, nkhanga zoposa khumi zinali pakalikiliki. Analozetsa kwa atsekwe. Nkhanga zinalira, mtima wake n'kuthamangira komweko. Analozetsa ku nkhanga. Tsekwe wina anatambasula mapiko, Josephat n'kuona kukula kwa chidali, malovu n'kudzaza m'kamwa. Mpope unapita uku, nubwerera uku, nupitanso. Kenako nzeru inamutsikira, yoti Harrison ndi Elias sakanaiganiza mpaka kufa. Mfuti ndi yomwaza. Machaka ndi a mitundu iwiri. Mbalame nazonso ndi za mitundu iwiri. Akaloza pakati, aliyense alandira zake.

Pakatipo panali bango.

Phuu! Mfuti yopepuka, yokhuta wonga, inamumenya paphewa ngati bulu wokwiya, n'kumugwetsa chagada m'matope, miyendo m'mwamba, chipewa chikuyandama pambali. Atsekwe ananyamuka onse asanu ndi mmodzi, osasiya ngakhale nthenga ya chikumbutso. Nkhanga zinathamanga pang'ono, n'kuima, n'kumaonerera. Ndipo m'bango munatuluka mfuu imene akuti inaimitsa nyimbo kusukulu ya mishoni.

"Mayo ine! Mavu! Ndafa ine!"

Ataona utsi, a Nankhoma anadziwa kuti si mavu. Anatulukira manja onse ali kumbuyo, naima pamutu pa mkamwini wawo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu Josephat anaona nkhope ya apongozi ake, ndipo anazindikira kuti makolo, poika mwambo wopewana uja, ankateteza akamwini.

"Iwe Josephat! Iwe mwana wa kwa Mbewe! Ndakupatukira njira, ndakupatsa msana mwaulemu, malipiro ake ndi amenewa? Wandiona ndili ndi mapiko ine?"

"Pepani amayi, ndimaloza pakati."

"Pakati pa chiyani?"

Josephat anadzuka m'matopemo, natola chipewa chake.

Chimene chinawapulumutsa mayiwo ndi kuipa kwa mfutiyo, pakuti machaka anafika ali otopa, ambiri atasochera m'njira. Amayi a m'mudzi anawagoneka chafufumimba m'nyumba, Rhoda n'kumazula ndi munga wa mthethe, limodzilimodzi, mudzi wonse ukumva lililonse likamatuluka. Anapezeka asanu ndi awiri. A Jonasi anawaika pachikhatho, nawatembenuza ndi chala.

"Atatu a atsekwe, anayi a nkhwali," anatero. "Akamwini sananame. Mfutiyi imagwiradi zonse."

Mlandu unakambidwa pakhonde pa a Nankhoma, eni ake ali chigonere m'kati, mawu awo akutulukira pakhomo. Josephat anapereka mbuzi yopepesera, ndipo inalandiridwa. Mfuti anailanda a Jonasi, nati ikhala kwa iwo mpaka mwini wake atakula. Ataona kuti mbuzi yamangidwa pachikhomo, Josephat analimba mtima. Anapempha a Jonasi kuti amufunsire ngati nkhani ya chitengwa ikadalipo, poti mpunga sunathe wonse, ndipo iye akhoza kumagona kudambo n'kumaingitsa atsekwe ndi pakamwa.

Yankho linatulukira m'nyumba muja.

"Achimwene, muuzeni," anatero mawu aja, "kuti ngati walasa ine amene amandiopa, mwana wanga amene samuopa akamuchita zotani kumene kulibe atsibweni ake? Rhoda sachoka pano. Mpunga ulowe m'nkhokwe, usalowe, sachoka. Iye akafuna kwawo, njira ndi iyo. Ndipo kuyambira lero akandiona ndikubwera azipatuka ndiye, patali, moimba nyimbo kuti ndidziwe pamene ali."

A Jonasi anatembenuka kuti abwereze mawuwo monga mwa dongosolo, koma Josephat anakweza dzanja. Anali atamva, pamodzi ndi midzi iwiri yoyandikana.

Kwawo sanapite, pakuti Rhoda ankamukonda, ngakhale kuti Rhodayo sanamulankhule mpaka anthu atakolola. Nyumba imene abale ake anayamba kumuimikira ku Katete inadyedwa ndi chiswe isanafoleredwe. Josephat anakalambira pamudzi wa eni, imvi zili mbuu, ana obadwa dzulo akumuitana kuti akamwini. Anapemphedwa chinthu chimodzi, chida chake chenicheni chili m'manja, iye n'kufuna za m'madzi ndi za kumtunda pa kuwomba kumodzi. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.