Njinga Yokana Malume

A Kachingwe, mwini mbumba yathu, atamva kuti Edesi, mwana wa mlongo wawo, wagula njinga yamoto, anatulukira.

"Katundu wa mbumba ndimasunga ndine. Bweretsa kiyi."

Edesi anagwada. "Tengani, malume. Koma amakaniko anaisintha kabuleta ya mu injini, imavutavuta."

Popukuta thanki ndi chitenje, mwanayo anatseka kampopi ka petulo.

Akuluwo anaikwera n'kunyamuka, koma atangofika pamjigo, njinga inayamba kutsamwa. Kuti awonjezere moto, phuu, yazima. Anabwerera akukankha, thukuta lili kamukamu, amayi otunga madzi akuwatsatira pambuyo uku akuseka.

"Chitsulo chakufachi khala nacho wekha! Ndisadzachione pakhomo panga!"

"Mwamva nonse?" anafunsa Edesi.

"Tamva!" anayankha amayiwo.

Edesi anatsegula kampopi kaja pamaso pawo, n'kuliza njinga bwinobwino.

"Kwerani ndikakutuleni, malume. Mwatopa."